Fayilo Ili kwa Atcheya

Ofesi ya bungwe lathu la alimi a mpunga ndi chipinda chimodzi cha malata pafupi ndi ngalande yaikulu, ndipo ine ndinali mlembi wake. Pamene ndinkayamba ntchitoyo, kaundula wa mapuloti anali fayilo yofiira yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Munali dzina la mlimi aliyense ndi nambala ya puloti yake. Atcheya akafuna kukaiwerenga kunyumba, ankaipana m'khwapa n'kumapita, ine n'kulemba m'kope kuti: fayilo ili kwa atcheya. Mawu anayi amenewo ankatseka nkhani iliyonse. Munthu akabwera kudzasinthitsa dzina, ndinkamuonetsa kopelo, iye n'kubwerera kwawo osang'ung'udza.

Mlembi amene analipo ine ndisanabwere anayesapo kamodzi kusolola fayiloyo pa desiki ya atcheya, eni ake atangotuluka kukataya madzi. Anthu anamunena chaka chathunthu, ku dimba, ku chigayo, ngakhale pa maliro, mpaka anatula pansi udindo. Nkhani imeneyi anandiuza sabata yanga yoyamba, ndipo inandilowa.

Kenaka kunabwera anthu a pulojekiti ina. Anatipatsa sola, kompyuta ya mu ofesi ndi laputopu ya atcheya, n'kutenga mapepala athu onse kukawalowetsa m'chinthu chimene ankachitcha databesi. Chinthucho chinkakhala ku Zomba, m'kompyuta ina imene sindinaionepo mpaka lero. Kuti usinthe kanthu, unkayenera kukhala pa kompyuta ya mu ofesi, kutsitsa fayilo, kukonza, n'kuikwezanso. Ine ndinazolowera. Atcheya sanazolowere. Ankakhala ku Naisi, bondo linkawavuta, ndipo kukwera minibasi kenaka kabaza chifukwa cha mzere umodzi wa kalata kunkawakwiyitsa tsiku lonse, mkwiyowo n'kuthera pa ine. Anadandaula mpaka a pulojekiti anatumiza munthu woti akonze zoti azitha kulemba ali kunyumba.

Munthuyo anali mayi wa makompyuta, wamsinkhu wanga, wamagalasi, wolankhula mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Anakhala theka la tsiku akulemba timawu tobiriwira pa sikirini yakuda, kenaka anandiitana.

"Taonani, achemwali. Foda iyi ikuoneka pa kompyuta yanu, komanso ikuoneka pa laputopu ya atcheya ngakhale ali ku Naisi. Mutsegula fayilo, mulemba, museva, zapita zokha. Zotsitsa ndi zokweza zija zatha."

"Ndiye kuti kaundula tsopano ali mu foda imeneyi?"

"Ayi, ali mu databesi."

"Nanga mu fodamu muli chiyani?"

"Mulibe kanthu. Kunena zoona fodayo kulibe, ikungooneka ngati ilipo. Itengeni ngati windo basi."

Ndinayang'ana foda yachikasu imene ankati kulibeyo. Ndinkaiona ndi maso anga awiri, ndi dzina lake pansi. Ndinaphunzitsapo ana a pulayimale zaka zingapo ndisanakhale mlembi, ndiye ndimadziwa nkhope ya mwana amene wasochera koma akugwedeza mutu. Tsiku limenelo nkhope imeneyo inali yanga.

Anationetsanso kaloko. Munthu mmodzi akatsegula fayilo, pambali pa dzina la fayiloyo pankabwera kaloko, kachithunzi kakang'ono ka loko, kuti wina asalembe pamwamba pa zolemba za mnzake. Akatseka, kalokoko kankachoka. Mayiyo anati amakonda kukonza zoti kaloko kazichoka kokha pakatha ola limodzi munthu asakulemba kanthu. Atcheya anakana.

"Netiweki ya kwathu imadukaduka, madamu. Ndikhale pakati pa kalata, kaloko kachoke, wina andilembere zake? Kazichoka ndikatseka ine."

Mayiyo anawachitira zimene ankafuna. Atcheya atatuluka kukalankhula ndi bambo woyang'anira madzi, mayiyo anandikoka dzanja n'kundionetsa batani lina pakona.

"Munthu akaiwala kutseka, mudzadine apa, kaloko kadzachoka. Mphamvu imeneyi ndapereka kwa inu nokha, monga mlembi."

Ndinati chabwino. Kuno mlendo akafotokoza chinthu timati chabwino, mafunso timafunsana tokha akapita. Mayiyo anaikanso mndandanda wa mapuloti pa foni ya bambo wa madzi uja, kuti aziuwerenga kuchokera mu databesi momwemo osadikira pepala langa. Anamwa tiyi wa mandimu ataimirira, n'kukwera kabaza.

Patapita milungu itatu kapena inayi, mu Julaye, nthawi imene timakonzekera mpunga wa chilimwe, Lachitatu m'mawa kunabwera mayi wina wamasiye. Amuna awo anamwalira kumapeto kwa dzinja, ndipo iwo, pokhala Asilamu, anakhala m'nyumba miyezi inayi ija ya mwambo wawo osatuluka. Sabata imeneyo ndi imene anali atangomasuka. Malemuwo anasiya mapuloti awiri kumunsi kwa ngalande, ndipo komiti inali itagwirizana kale kuti akhale a mayiwo. Chotsala chinali chimodzi: kufufuta dzina la malemu mu kaundula n'kulemba lawo.

Lamulo lathu ndi lakuti Lolemba loyamba kutsegula madzi, bambo wa madzi amawerenga kaundula. Puloti imene ili m'dzina la munthu womwalira imaperekedwa kwa nyengo imeneyo kwa amene ali pa mzere wodikira, kuti nthaka isagone. Ndipo khasu la munthuyo likangolowa, samuchotsa mpaka akolole. Lolemba limenelo linali lobweralo.

"Mbande ndinafesa kale, amlembi," anatero mayiwo atakhala pa benchi. "Achimwene anandithandiza ndili m'nyumba. Zikungodikira madzi."

"Ndi nkhani ya mphindi ziwiri, mayi. Masiku ano zinthu zinaphweka."

Ndinalankhula monyada, sindibisa. Ndinatsegula foda ija, ndinapeza kaundula, ndipo pambali pake panali kaloko. Pansi pake panalembedwa udindo wa amene anatsegula: atcheya. Fayilo inatseguka, mayina onse ndinkawaona, koma ndikalemba chilembo chimodzi inkakana.

"Fayilo ili kwa atcheya," ndinawauza.

Anagwedeza mutu monga mmene anthu ankachitira kale ndikawaonetsa kope lija. Anafunsa ngati angabwere mawa, ine ndinati abwere.

Atapita ndinaimbira atcheya. Foni inali yozima. Masana ndinamva kwa bambo wa madzi kuti atcheya anaferedwa mlongo wawo cha ku Phalombe, ndipo ananyamuka Lachiwiri mbandakucha ndi akazi awo. Apa mutu wanga unaima. Munthu ali ku Phalombe, wakhala pa mphasa ya anamfedwa, koma fayilo ili m'manja mwake. Laputopu anapita nayo ku maliro? Akulemba chiyani mu kaundula pakati pa nyimbo za maliro? Kapena anaisiya ku Naisi ikulemba yokha? Ndinaseka ndekha, koma sizinali zoseketsa. Batani lija ndinaliona pakona pake. Sindinalikhudze. Sindinaliganizire n'komwe ngati chinthu chimene munthu wolemekeza akuluakulu angakhudze.

Lachinayi mayiwo anabweranso, wapansi, mpango utaphimba makutu chifukwa cha chiperoni. Kaloko kanali pompo. Ndinachita manyazi kuwabweza kachiwiri, ndiye ndinachita zimene manja anga ankadziwa. Ndinakopa kaundula uja n'kumuika pa kompyuta yanga, monga tinkachitira kale. Kopeyo analibe kaloko. Ndinafufuta dzina la malemu, ndinalemba la mayiwo, ndinaseva, ndinapulinta. Pepala linatuluka lofunda, dzina lawo lili pa mzere wake bwinobwino. Sadziwa kuwerenga kwenikweni, koma dzina lawo amalizindikira. Analikhudza ndi chala.

"Basi zatheka?"

"Zatheka, mayi."

Ndinkakhulupiriradi kuti zatheka. Mayi wa makompyuta uja anati ukaseva zimapita zokha, ndipo ine ndinali nditaseva. Ndinadziona wanzeru, woti ndadutsa mseri osakhudza za atcheya.

Lachisanu bambo wa madzi anabwera kudzatchaja foni pa sola yathu. Ndinamuuza kuti mapuloti a malemu aja asinthidwa, n'kumupatsa pepala. Iye anatsegula foni yake, anapukusa mutu n'kundionetsa. Pa foni panali dzina la malemu.

"Koma ndasintha dzulo. Pepala ndi ili."

"Ine anandiuza kuti ndizitsata za mu foni, amlembi. Pepala aliyense atha kupulinta. Mukufuna mawa wina abwere ndi lake?"

Sanalakwe, koma ndinamukwiyira ndithu. Ndinaika pepala ndi foni pa desiki moyandikana, kaundula mmodzi wa bungwe limodzi, mayina awiri pa puloti imodzi. Ndinaimbira mayi wa makompyuta.

"Mwasintha kope lanu, achemwali," anatero. "Lili pa kompyuta yanu yokha. Mu databesi simunalowe kanthu."

"Koma munati ndikaseva zimapita."

"Mukaseva mu foda ija."

"Foda imene munati kulibe ija?"

Anapumira m'mwamba, ndinamumva. Kenaka anati, "Dinani batani lija, kaloko kachoke, mulembe mu kaundula weniweni. Ndi mphindi imodzi."

"Nanga zimene atcheya akulemba?"

"Ngati alipo mawu amene sanaseve, atsala pa laputopu yawo, salowa. Adzawalembanso."

"Ndiye kuti ndiwatayitsa ntchito yawo."

"Mwina palibe n'chimene alemba. Anthu amangopinda laputopu osatseka fayilo."

"Nanga adzadziwa kuti ndachotsa ndine?"

"Eya, zimalembedwa. Amene wachotsa, tsiku ndi nthawi."

Ndinathokoza n'kudula foni. Mawu akuti mwina aja ndi amene anandimanga. Mwina sanalembe kanthu, mwinanso analemba. Kaundula wa mapuloti si kalata ya tchuthi. Atcheya akamutsegula ndiye kuti pali chifukwa. Ndinaganiza kuti mwina komiti inakumananso ine kulibe. Ndinaganizanso zoipa, kuti mwina akufuna kuika mlamu wawo amene ankalakalaka mapuloti a kumunsiwo, ndipo akugwira fayilo dala mpaka Lolemba lidutse. Ngati zinali choncho, kudina batani kunali kuyamba nkhondo ndi munthu wamkulu ali pa maliro a mlongo wake. Ngati sizinali choncho, kunali kumulanda pepala m'manja popanda chifukwa, dzina langa n'kulembedwa pomwepo, tsiku ndi nthawi. Ndinakumbukira mlembi wakale uja. Iye sanasiye ngakhale umboni, koma anamunena chaka.

Ndinalemba uthenga pa foni: pepani ndi zovuta, bambo. Ndinafuna kuwonjezera za fayilo, chala chinakana. Munthu samupepesa maliro n'kumufunsa za ntchito mu mpweya womwewo. Ndinatumiza chipepeso chokhacho, nachonso sichinafike.

Loweruka ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimadziseka. Ndinakwera minibasi kupita ku Naisi. Maganizo anga anali akuti ngati fayilo ili kwa atcheya, ndiye kuti ili kunyumba kwa atcheya, ndipo munthu amapita kukaitenga mwaulemu, kuodira pakhomo, osati kuthyola loko ali kutali. Minibasi inaima nthawi yaitali pa Songani, kondakitala akukweza matumba a tomato pamiyendo pathu, ine ndikubwereza m'mutu mawu okanena.

Ndinapeza nyumba yokhoma. Mayi woyandikana nawo ankasankha nyemba pakhonde pake.

"Sanabwere, amayi. Akuti mpaka atamaliza zokambirana za pabanja, kaya Lachiwiri kaya Lachitatu."

"Kiyi sanasiye?"

"Anapita naye. Mwaiwalamo chiyani?"

"Fayilo."

"Yotani? Mwina ndinaiona."

Ndinapita pawindo la pabalaza, pamene katani inasiya mpata, n'kusuzumira. Chikwama chakuda cha laputopu chinali pa mpando, chotseka zipi, chipewa cha atcheya chili pamwamba pake. Ndinaima pamenepo ngati wakuba. Fayilo inali m'chikwamamo, komanso sinalimo, chifukwa inali ku Zomba. Inalinso ku ofesi kwanga, mu foda imene kulibe. Ndipo amene anaigwira anali ku Phalombe manja ali pamiyendo. Nzeru zanga zinathera pawindo limenelo.

Munthu woganiza bwino akanaona chikwamacho n'kuzindikira kuti palibe amene akulemba kanthu. Ine ndinaona chipewacho. Ndinabwerera kwathu ku Domasi ndikudziuza kuti mwina afika Lamulungu madzulo, ndipo zikatero atsegula okha, nkhani n'kutha popanda wolakwa.

Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi ndinadutsira ku ofesi. Kaloko kanali pompo. Ndinaika kamuvi pa batani lija, ndinaliyang'ana, ndinachotsa. Ndinati ndiwapatse usiku umodzi wokha. Bambo wa madzi amafika pa ofesi cha m'ma eyiti, ndiye ndikalawira ndimupeza asanayambe.

Lolemba ndinafika seveni isanakwane. Foni ya atcheya inali yozimabe. Ndinapemphera pang'ono, zoona, ngati ndikukachita opaleshoni, n'kudina. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Kaloko kanazimiririka popanda phokoso lililonse. Ndinafufuta dzina la malemu, ndinalemba la mayiwo, ndinaseva mu foda ija. Sizinakwane mphindi ziwiri zimene ndinawalonjeza Lachitatu. Ndinakhala pansi ndikudabwa kuti denga silinagwe.

Eyiti inakwana, bambo wa madzi sanabwere. Ndinatuluka panja ndipo ndinamva madzi akuyenda mu ngalande. Ndinatenga njinga.

Ndinamupeza kumunsi, thalauza atapinda, akuchotsa zinyalala pa geti laling'ono.

"Tsiku lotsegula madzi sindidutsira ku ofesi, amlembi, mwaiwala? Ndimayamba kusanache. Kale ndinkabwera chifukwa cha pepala lanu. Pano zili mu foni."

"Tsegulani foniyo muone. Dzina lasintha."

Anatsegula. Linali litasinthadi, la mayiwo, loyera bwino. Anandiyang'ana, kenaka analoza ndi chibwano. M'mapuloti a malemu munali bambo wina amene anadikira pa mzere nyengo zitatu, ali ndi akazi ake, makasu awiri akukwera ndi kutsika m'matope. Anali atatipula kale ndime yaikulu.

"Faifi koloko munali dzina la malemu," anatero bambo wa madzi. "Ndinaona kawiri. Ndikanatani?"

Atcheya anabwera ku ofesi Lachitatu, atameta, akutsimphina. Ndinawapepesa maliro monga mwa mwambo, kenaka ndinaulula ndekha asanazione, kuti ndinachotsa kaloko kawo pa kaundula.

"Kaloko kanga kati?"

Ndinawafotokozera.

"Kaundula? Aa, ndinamutsegula Lolemba la sabata yatha madzulo kuti ndiwaonetse akazi anga kuti zikutheka ndili pa mpando wanga. Foni ya maliro inandipeza pomwepo, ndinangopinda laputopu. Sindinalembemo kanthu." Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye batani limenelo munali nalo nthawi yonseyi?"

"Ndinali nalo, bambo."

"Nanga bwanji simunadine Lachitatu lomwe mayiwo anabwera?"

"Fayilo inali kwa inu."

Ndikuganiza kuti atcheya anakumbukira mlembi wakale uja, chifukwa iwowo ndi amene anayambitsa zomunena. Sanandikalipire ndipo sanandipepese. Anakhala akusisita bondo lawo. Komiti inakumana, inakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugamula zimene aliyense ankadziwa kale: khasu linalowa, bamboyo akolole, mapuloti abwerere kwa mayiwo nyengo yamawa. Mayi wa makompyuta anabwera sabata yotsatira n'kukonza kuti kaloko kazichoka kokha pakatha ola limodzi. Atcheya sanatsutse. Mayiyo anandifunsa ngati tsopano ndamvetsa mmene zimayendera, ndipo ndinati chabwino.

Mayi wamasiye uja ndinkawazemba. Ndinkadutsa njira ya kumtunda ngakhale ndi yaitali. Koma tsiku lina bambo wa madzi anandituma kukaona geti la kumunsi, ndipo ndinawapeza. Anali m'mapuloti a amuna awo, madzi akufika m'akakolo, atawerama, akuwokera. Mbande zawo zikanakalamba pa nazale, ndiye anazipereka kwa bambo amene anapatsidwa mapulotiwo uja, iye n'kuwalemba ganyu yowokera. Ankadzala mbande zawo zomwe, m'nthaka yawo yomwe, mpunga wake wa munthu wina.

Ndinatsika pa njinga chifukwa panalibe pothawira. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kundipatsa moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za ana. Ndinawayankha moniwo. Kenaka anapukuta dzanja pa chitenje, anamasula mfundo ya pakona pake n'kutulutsa pepala lopindapinda, lija ndinawapulintira Lachinayi.

"Ili ndizisungabe, amlembi, kapena linatha ntchito?"

Ndinawauza kuti dzina lawo tsopano lili mu kaundula weniweni, ndipo palibe angalichotse.

"Weniweniyo ali kuti? Ndikufuna ndidzamuone ndi maso, chaka chamawa ndisadzavutikenso."

Ndinayang'ana cha ku ofesi, ndinayang'ana cha ku Zomba kumene phiri linali litafunda mitambo, ndipo sindinadziwe koloza. Iwo anadikira pang'ono. Kenaka anapinda pepala lija, analimanganso pa chitenje, n'kuweramira m'matope.